Bokosi la Sewero M'munda wa Tiyi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pakamwa. Ndinkagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu pa Masambanjati, ndipo minibasi ikaima, anzanga ankathamangira ku mawindo ndi malichero awo. Ine ayi. Ndinkangoima pomwe ndili n'kukuwa kuti, "Zakupsa izi! Zotsekemera mpaka khoko!" Mawu ankafika mpando wakumbuyo, kondakitala n'kutsika yekha kudzatengera anthu ake. Mayi anga ankati ndinameza wailesi ndili khanda.

Tsiku lina bambo wina wa tayi anatsika pa kabaza, n'kugula nthochi, koma osachoka. Anangoima kumandiyang'ana. Ine ndinati awa ndi aja ofunsira dzuwa likuswa mtengo, ndipo yankho ndinali nditalinola kale.

"Achemwali, mawu amenewa mumangogulitsira nthochi basi?"

"Nanga mufuna ndizigulitsira ndege?"

Anaseka mpaka kutsamwa nthochi yomwe ija. Anali a Mhango, mphunzitsi wochokera kumpoto amene ankaphunzitsa pa sukulu ya pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi kwathu. Anali atayambitsa gulu la zisudzo, ndipo ankasowa munthu wolengeza masewero akubwera. Ndinavomera tsiku lomwelo, ndisanaonepo siteji chibadwire.

Malo athu ochitira zisudzo anali holo yakale ya pa esiteti, ya malata ofiira, yomwe inakhala nthawi yaitali ikungogonamo mileme. Anatibwereka ndi bwana woona za umoyo wa antchito, amene tonse tinkangowatchula kuti a Welofeya. Pondilandira anandiuza mawu omwe anauza a Mhango. "Holo iyi ndi ya anthu a m'makomboni. Akamabwera, ndi yanu. Akapanda kubwera, ine ndili ndi feteleza wosowa poika." Tonse tinkadziwa kuti sakuseka. Kuchoka pamenepo gulu likanabwerera pansi pa mtengo wa mbawa, pomwe mvula ikagwa sewero limathera pakati.

Zida zanga zinali zochepa: chimkuzamawu cha mabatire chokoleka paphewa, makatoni olembapo zikwangwani, peni yonenepa, nyundo, misomali ya tchinga, ndi chitini cha phala la chinangwa lomatira. Ndinaphunzira msanga kuti chikwangwani chomata ndi phala umachiika pamwamba, chifukwa mbuzi za pa esiteti zimakonda zisudzo kuposa anthu, zimadya mutu wa sewero ndi tsiku lomwe. Ndinaphunziranso nthawi yokuwa. Anthu akamathyola tiyi sukuwa, kapitawo akhoza kukuthamangitsa. Umadikira pa sikelo, pomwe amaima pamzere ndi madengu awo kudikira kuyezetsa, makutu ali pa ulova. Kuchoka apo umapita pa mjigo, pa chigayo, pa siteji ya kabaza. Ndipo sewero silikhala Loweruka, poti ambiri a mbali ya ku Makwasa amapemphera tsiku limenelo, komanso silikhala Lamulungu m'mawa poti enawo ali ku tchalitchi. Lamulungu masana ndiye nthawi ya aliyense.

Masiku oyeserera ndinkathandizanso mkati. Kukoka makatani pa waya, kulemba ndi choko pansi pomwe aliyense aziima, kuthira petulo mu jenereta, kupaka anthu makala ndi ufa kumaso. Ndinkasangalala, abale! Munthu wozolowera kukangana ndi makondakitala, lero akunditchula kuti a Filesi a zolengeza.

Sewero lathu loyamba lalikulu linali "Munda wa Malume." Nkhani yake, malume wina amanamizira kufa kuti amve mmene adzukulu ake agawanirane munda wake. Amagona m'bokosi, iwo n'kumakangana pambali pake, kenako iye n'kudzambatuka. Malumewo ankasewera ndi a Juwawo, mlonda wa holo yomweyo, nkhalamba yanthabwala yomwe inathyola tiyi mpaka msana kukana. Nyumba yawo inali kuseri kwa holo, ndipo kanjira kopatukira ku holoko kankathera pakhomo pawo. Kunalibenso nyumba ina.

A Mhango anandipatsa lamulo limodzi. "Muziwauza chiyambi, mathero ayi. Ndipo za bokosi musatchule. Adzangoliona likulowa pa siteji, adzidzimuke." Inenso ndinawomba m'manja, ndinati nzeru ndi zimenezo. A Juwawo nawo anasunga chinsinsi, sanauze ngakhale mlongo wawo, mayi a Muhiwa. Mayi amenewa anali wothyola tiyi, ndiponso ndiwo ankayambitsa nyimbo pa maliro alionse a m'makomboni. Akanena kuti amayi tiyeni, amayi ankanyamuka. M'mimba mwa mayi awo anangotsala awiriwo basi, iwo ndi a Juwawo.

Sabata ya sewero ndinakuwa ngati ndalipidwa ndi boma. Lachinayi ndinadzuka kuli chiperoni, kamvula kaja kopanda mapeto kobwera ndi nkhungu, ndipo nditati ndipereke moni kwa mayi anga, panatuluka mpweya wokha. Mawu atseka! Chimfine chandigwira, maso ali psuu, mphuno ikuchucha. Ku holo a Mhango anandimvera chisoni.

"Lero pumitsani kukhosi. Ingopitani kwa kalipentala pa Masambanjati mukatenge bokosi lija. Ntchito imeneyo siifuna mawu."

Siifuna mawu! Mpaka lero ndikawakumbutsa amagwira pamutu.

Kalipentala anali atachita kudzipereka. Bokosi la pulayiwudi lopepuka, timabowo topumira tobisika cha kumutu, vanishi ali waliwali. Kuti lisanyowe tinalikulunga ndi katani yakale yakuda. Kalipentalayo anaitana akabaza awiri, mmodzi wa bokosi, wina wa ine, n'kuwalozera kopita, iye n'kubwerera ku ntchito yake. Wakabaza wa bokosi anavula chipewa, n'kulimanga mopingasa pa kaliyala mwaulemu wonse. Nditamuonetsa ndalama anangoti, "Zilizonse mayi, pa zovuta sitinenerera." Ine mumtima ndinati koma mnyamatayu analeredwa bwino. Sizinandifike m'mutu kuti iyenso sakudziwa kanthu.

Titalowa mu msewu wa m'munda, tayala la njinga yomwe ndinakwera ine linaphwa. Wa bokosi sanaone, anangopitirira pang'onopang'ono, mutu uli pansi. Ine ndinatsika, n'kufunda chitenje kumutu chifukwa cha kamvula, n'kumatsatira wapansi.

Tsono taganizani chomwe anthu anaona. Munda wonse uli mbuu ndi nkhungu, amayi ali m'mizere ya tiyi madengu kumsana, ndiye pakudutsa bokosi lofunda nsalu yakuda. Manja onse anaima. Abambo anavula zipewa. Kwathu bokosi likamadutsa suthyola tiyi, suyankhula, umaona kaye komwe likulowera. Linafika pa mphambano, n'kukhotera kanjira ka ku holo, komwe kuli nyumba imodzi yokha.

Ndinamva kukuwa komwe sindidzaiwala. "Mayo ine! Achimwene anga ine!" Mayi a Muhiwa anataya dengu, tiyi n'kumwazika, n'kuyamba kuthamanga manja ali kumutu. Munda wonse unakhuthukira m'mbuyo mwawo.

Apo m'pamene ndinazindikira. Ndinathamanga, ndikukupiza manja kuti ayi, ayi, si zimenezo! Amayi ena anandigwira. Akuona munthu wafunda chitenje, maso ofiira, mamina mbwee, pakamwa pakutseguka koma mawu osatuluka.

"Pepa mwana wanga, pepa. Unkawakonda, tikudziwa."

Ndinapukusa mutu mwamphamvu.

"Eya, n'zosakhulupirika. Dzulo lomweli amatiseketsa pa mjigo."

Ndinayesa kuloza kukhosi, wina n'kunena kuti, "Akuti chinawagwira pakhosi." Ine mwini pakamwa pa esiteti yonse, ndinagwiriziridwa uku ndi uku ngati namfedwa, kupita ku maliro omwe ndinkadziwa ndekha kuti kulibe.

Pofika ku holo zinthu zinali zitayenda kale, paja anthu akwathu pa maliro sadikira kuuzidwa. Anyamata athyola nthambi n'kuziyala pa msewu kuti odutsa adziwe. Ena apita kukatola nkhuni. Nyumba ya a Juwawo inali yotseka poti akazi awo anali atapita ku Khonjeni kukaona mwana, ndiye amayi anangokhala pakhonde ndi pabwalo, kulira kuli pakamwa. Wakabaza anatsitsa bokosi n'kuima pambali manja kumbuyo. Ngakhale kapitawo, amene anabwera kudzabweza anthu ku munda, atafika anavula chipewa n'kukhala pansi. M'holomo jenereta inali ikulira, anzanga akuyesa masipika, osamva chilichonse cha panja.

Ndinadzipulumutsa m'manja mwa amayi aja kuti ndikagogode, koma ndisanafike chitseko chinatseguka chokha. Anatuluka a Juwawo. Anali atayamba kale kuyesa maonekedwe a pa siteji: nkhope yonse yoyera ndi ufa, thonje m'mphuno, nsalu yomanga chibwano mpaka pamutu, m'manja atagwira chinangwa chootcha. Anayang'ana khamu lija, n'kuyang'ana nthambi za pa msewu.

"Kwagwanji kuno? Wamwalira ndani pakhomo panga ine osandiuza?"

Abale inu, sindinaonepo anthu akuthamanga chotero. Amayi onenepa amene amadandaula mawondo tsiku ndi tsiku analumpha ngalande. Wakabaza anasiya njinga, ndipo anadzaitenga ndi m'bale wake mawa lake. Kapitawo tinamupeza atalowa mutu m'chitsamba cha tiyi, miyendo ili kunja, ngakhale iye mpaka lero amati ankayang'ana tizilombo ta m'masamba.

Atazindikira kuti munthuyo ndi wamoyo, anthu anayamba kubwerera mmodzimmodzi, ena akuseka mpaka kugwa, ena akutukwana. Inenso phwete linali litandifika pakhosi. Koma nditayang'ana pakhonde, linabwerera lokha. Mayi a Muhiwa sanathawe, ndipo sankaseka. Anadzuka, n'kupita kwa mchimwene wawo, n'kuwagwira tsaya. Anayang'ana ufa womwe unatsalira pa zala zawo.

A Mhango anatuluka akupepesa, akufotokoza kuti ndi sewero chabe. Mayiwo sanawayang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa ine.

"Iwe Filesi, sabata yonse wakhala ukutiboola makutu pa sikelo. Tsiku unatiuza. Nthawi unatiuza. Za bokosi unatiuza?"

Ndinaweramitsa mutu.

"Misozi ya anthu mwaiyesa madzi a pa mjigo, oti aliyense angopukusa. Ine ndamuika m'manda mchimwene wanga lero, kuchokera ku munda kuja mpaka pano. Lamulungu mudzaonere nokha sewero lanulo." Anamanga chitenje n'kumapita, ndipo amayi onse, ngakhale amene ankaseka aja, anawatsatira.

Madzulo ake a Welofeya anatiitana. Thirakitala inali itabwerera ku fakitale ndi tiyi wochepa, ndipo iwo anali atakalipiridwa kale ndi akuluakulu awo. Sanakweze mawu. "Sewero sindiletsa ine, aletse ndi eni ake. Lamulungu ndidzakhala pakhomo. Mabenchi akadzakhala opanda anthu, Lolemba feteleza alowa." Ndinabwerera kunyumba mtima utasweka. Ndinali nditaikonda ntchito imeneyi kuposa mmene ndinkadziwira, ndipo kuganiza zobwerera ku lichero la nthochi kunkandipweteka.

A Mhango ndi a Juwawo anapita kukapepesa kunyumba kwa mayiwo, atanyamula nkhuku. Anabwerera nayo nkhukuyo. Ine poti pakamwa panali patatseka, ndinaona kuti chatsala ndi manja. Lachisanu m'mamawa ndinabwereka dengu ndi pulasitiki yomanga m'chiuno kwa azakhali anga, n'kukapempha kapitawo kuti andilole kulowa mzere woyandikana ndi wa mayi a Muhiwa. Anavomera msanga, mwina poopa kuti ndinganene za chitsamba chija.

Kuthyola ndinkakudziwa pang'ono, masamba awiri ndi kansonga, kuponya kumsana osacheuka. Dengu likalemera ndinkakakhuthulira m'dengu la mayiwo, kubweza tiyi amene anatayika dzulo lake. Sanandithamangitse, komanso sanandiyankhule. Ankangosankha masamba okhwima omwe ndalakwitsa n'kumataya pansi, uku akutsonya. Mame anandinyowetsa mpaka m'chiuno, zala zinachita dzanzi. Pofika masana, tiyi wa mandimu ndi jinja amene mayi anga anandimwetsa anayamba kugwira ntchito, timawu tinayamba kubwera ngati ta chule.

Tili pamzere wa sikelo ndinayesa. "Mayi, pepani."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Chimkuzamawu chako chili kuti?"

"Ndasiya kunyumba."

"Wolengeza amasiya khasu lake kunyumba? Mawa ukatenge. Uwauze anthu zoona zake, kuti muli bokosi, kuti alowamo ndi Juwawo, ndiponso kuti adzuka. Ukatero aliyense asankhe yekha."

"Nanga inuyo mubwera?"

"Ndati aliyense."

Nditawauza a Mhango, anakhala pansi pa benchi. "Ndiye kuti mathero onse tawaulula. Munthu angabwere kudzaonera sewero lomwe akudziwa kale mmene lithere?" Anayang'ana bokosi lija pakona, kenako anati, "Auzeni, a Filesi. Auzeni zonse."

Loweruka ndinazungulira makomboni onse ndi mawu anga osasa. "Mawa masana ku holo! Munda wa Malume! Muli bokosi, musadzadzidzimuke! Alowamo ndi a Juwawo, koma ndi amoyo, adya kale m'mawa uno! Adzagona, adzadzuka!" Ana ankanditsatira akundiyeserera. Akuluakulu ankangomvetsera ali pamakomo, osaonetsa mbali. Pakhomo pa mayi a Muhiwa ndinaima n'kubwereza kawiri, iwo n'kumangopitiriza kutsuka mbale.

Lamulungu tinasesa, tinayala mabenchi, tinayesa makatani. Bokosi tinaliika poyera pambali pa siteji kuti wolowa aliyense alione. A Welofeya anabwera ndi mpando wawo n'kukhala pakhomo monga ananenera. Nthawi inakwana muli ana okhaokha ndi aphunzitsi angapo anzawo a a Mhango. Ndinkatuluka, kulowa, kutulukanso. A Juwawo ankadikira kuseri kwa katani, ufa uli kumaso.

Kenako mwana wina anakuwa kuti akubwera. Ndinasuzumira. Kanjira konse kanali kodzaza ndi amayi atavala zitenje za ku tchalitchi, abambo ali m'mbuyo, ndipo kutsogolo kunali mayi a Muhiwa, akuyenda ngati akupita kukazenga mlandu. Anandidutsa pakhomo osandipatsa moni, n'kukakhala benchi ya kutsogolo, maso pa bokosi. Holo inadzaza mpaka anyamata kukwera m'mawindo.

Sewero linayamba bwino, anthu akuseka adzukulu adyera aja. Itafika nthawi ya maliro, a Juwawo anagona m'bokosi, ndipo atsikana athu anayambitsa nyimbo ndi timawu tamantha, poti ankaona amene wakhala kutsogolo kwawo. Inkangofuna kufera m'kamwa. Ndiye ndinamva mawu aakulu akuitola kuchokera pa benchi. Mayi a Muhiwa! Amayi onse anayankha, abambo n'kulowetsa besi, malata a holo n'kumanjenjemera. Ine ndinali kuseri nditagwira chingwe cha katani. Ndinasuzumira, ndinaona misozi ikutsika m'masaya mwawo, iwo osaipukuta, akuimbabe.

Adzukulu atayamba kulimbirana munda, chivundikiro chinagwedezeka, a Juwawo n'kudzambatuka. Munthu aliyense m'holomo ankadziwa kuti adzuka, ndinawauza ndekha, koma mfuu yake! Nthungululu, malikhweru, ana akugubuduzika pansi. Wina anakuwa kuti, "Kapitawo, tiyi ali panja, thamangani!" A Welofeya anaseka mpaka kuvula magalasi. Potuluka anangomenya a Mhango paphewa n'kunena kuti feteleza amupezera kwina.

Holo ija tikuigwiritsabe ntchito mpaka pano. Ndine ndemwe ndimalengezabe, ngakhale masiku ano ndimatumizanso uthenga pa foni, ndipo mwezi uno ndikuzungulira ndi masewero awiri atsopano. Limodzi lili ndi mfuti yamtengo, linalo muli mayi wobereka pa siteji. Zonsezo ndimazinena poyera pa sikelo, ndipo achinyamata amene ndikuwaphunzitsa ntchitoyi ndimawauza kuti chinsinsi chomwe chingalase munthu pamtima sichisungidwa pofuna kukometsa sewero. Sindinaziwerenge penapake ayi. Ndinazimva tsiku lomwe lija anthu akutuluka, ine ndikupinda makatani.

Mayi a Muhiwa anabwera kuseri kwa siteji, maso akadali ofiira. Anapeza mchimwene wawo akuvutika kuchotsa ufa, n'kuwalanda kansalu, n'kuyamba kuwapukuta okha kumaso mwankhaza ngati mwana wobwera kosewera. Ine ndinayandikira mwamantha.

"Mayi, takulizaninso. Pepani."

"Usapepese za lero," anatero osasiya kupukuta. "Lachinayi munandiliza ngati mbala, kundibera misozi ndisakudziwa. Lero ndabwera nayo ndekha. Ukudziwa maliro angati ndaimba pa esiteti pano? Onsewo palibe ndi mmodzi yemwe amene anadzuka. Lero lokha ndaimba ndikudziwa kuti wanga adzuka." Anaponya kansalu kaja pa benchi n'kukoka a Juwawo pa mkono. "Tiyeni kunyumba achimwene, ndakuphikirani nyemba za kalongonda."